Tadumpha Mwezi

1

Dzina langa ndilembe kuti Nelia. Si lenileni, koma likwanira.

Ndinabadwira ku Limbe, m'nyumba za anthu a kunjanji. Bambo anga ankagwira ntchito ya sitima. Chaka chino Limbe, chaka chinacho Balaka, kenako Salima. Ndinakula katundu ali m'mabokosi. Nditamaliza maphunziro a unamwino, khalidweli ndinapita nalo kuntchito. Ku Nsanje kunanditenthera. Ku Dedza kunandizizirira. Ku Kasungu kunalibe mlandu, ndinangotopako. Ndikakhalitsa pamalo, mapazi ankayamba kuyabwa. Zikatero ndinkagogoda kwa a Matroni, mkulu wa anamwino, kukapempha kusamutsidwa.

Ku Mzuzu ndinafika mu 1984, mvula ikuwaza ngati yopanda mwini.

Winston ndinamuonera pa depoti. Anthu onse anali atakhala pansi pa shedi, kudikira basi ya ku Nkhata Bay. Iye yekha ali chiimire. Osati kuima kwa mtengo ayi. Phazi ili pansi, linalo m'mwamba, kenako kusintha. Ngati msilikali woguba pamalo amodzi. Suti yoyera bwino, nkhope yofatsa, koma miyendo ili pa ulendo.

Ndinamufunsa ngati pansipo panali moto.

"Ayi, Sisitala," iye anatero ataona yunifomu yanga. "Ndikuyeserera ulendo, kuti basi ikakana ndingopitiriza."

Ndinaseka. Zinayambira pamenepo.

Anali kalaliki mu ofesi ina mtauni. Kwawo kunali ku Chintheche, banja la sukulu ndi tchalitchi. Chibwenzi chathu chinali cha pamsewu. Anzathu ankakhala m'malesitilanti, ife tinkayenda. Kuchoka ku Mchengautuwa, kudutsa kumsika, kukwera ku Katoto, kutsikira ku Salisbury Lines, kubwerera. Nsapato zinkatha zidendene. Mumtima ndinati ndapeza wanga.

Tsiku lina ndinamuuza. Ndinati ndimamukonda chifukwa sakhala pansi, chifukwa amuna okhala pampando ngati thumba la chimanga ankanditopetsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mapazi ake.

Pa ukwati wathu, abusa akulalikira, mapazi ake ankapondaponda kutsogolo kwa mpingo. Anthu anaseka. Anati mkwati wafulumira.

2

Tinapeza nyumba ku Mchengautuwa. Zonse zinali bwino kupatula munthu mmodzi.

Keziya anali msuweni wake wa Winston. Wamtali, wosakwatiwa, woseka ndi thupi lonse. Nayenso anali namwino, pa kachipatala kena kunja kwa tauni, koma ankakhala ku Chibanja. Mukudziwa za asuweni. Iye ankamutchula Winston kuti mwamuna wanga, ine n'kumanditchula kuti mkazi mnzanga. Ankati ndangobwereka. Onse ankaseka, inenso ndinkaseka. Mano okha.

Mwezi ukamatha, Winston ankapita ku Chibanja. Yekha. Ndikati ndimuperekeze, ankati ndi nkhani za kumudzi, za Chitonga, ndikangogona nazo tulo. Ankabwerako ali zii. Ankasamba chitseko chotseka, n'kugona chafufumimba. Masiku otsatira miyendo ija inkachita kunyanya. Chakudya ankadya ali chiimire.

Ndinadziuza kuti ndisakhale mkazi wansanje. Ndinali ndi zina zoganiza.

Nthawi imeneyo chipatala chathu chinasankha anamwino ndi madokotala aang'ono ochepa kuti tiphunzire kasamalidwe ka mankhwala a matenda a maganizo. Kale munthu akasokonezeka mutu kumpoto kuno, ankamangidwa zingwe, n'kukwezedwa galimoto mpaka kuchipatala cha matendawa ku Zomba. Cholinga chinali choti ena azithandizidwa konkuno. Ine ndinadzipereka msanga. Osati chifukwa cha chifundo. Ndinkangofuna chinthu chatsopano.

Wotiphunzitsa anali Sisitala Marjorie, mayi wamfupi amene anagwira ntchito ku Zomba zaka zambiri. Tsiku loyamba anatiletsa liwu limodzi. Anati m'kalasi mwake ndiponso m'wodi mwake asadzamve wina akunena kuti wamisala. Munthu ali ndi dzina. Ackim, mnzathu wanthabwala, anafunsa kuti nanga a ku Treasury, osunga ndalama za boma, tiziwatchula chiyani. Sisitala anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Tinayamba ndi mapiritsi. Lagakitilo, amene amagonetsa ndi kupsereza khungu padzuwa. A khunyu. Momwe umayambira pang'ono, momwe umakwezera. Jakisoni anati tidzamupeza kutsogolo.

3

Kunyumba zinthu zinasintha.

Winston anayamba kukhala pansi.

Ndinabwera kuchokera kuntchito n'kumupeza pakhonde, pampando, miyendo ili phee. Anali akuyang'ana nkhungu ikutsika pa mitengo ya paini. Ndinati tiyeni tikayende. Anati watopa. Anandigwira dzanja, anati ndikhale naye pang'ono. Nkhope yake inali yomasuka kuposa masiku onse. Koma ine ndinaona ngati wandizizirira. Ndinakhala pang'ono, n'kudzuka kukasesa pamalo posesa kale.

Ku Chibanja anasiya kupita. Ndinasangalala, koma osati kwa nthawi yaitali.

Tulo tinamuthawa. Ankalankhula kwambiri, nkhani yosafika kumapeto. Tsiku lina ndinapeza wailesi yathu ataiphimba ndi chitenje changa. Anati fumbi. Nthawi ya mvula, fumbi.

Loweruka lina masana anavala jekete, anati Keziya wamuitanitsa. Sanadye. Ndinadikira kuti akhote pa golosale, ine n'kutenga mbale ya Keziya imene inatsala kwathu. Chifukwa choyendera ndinali nacho m'manja.

Nyumba ya Keziya inali ndi windo loyang'ana kanjira. Linali lotsekula. Ankalankhula Chitonga chawo chosakaniza ndi Chizungu, koma miyezi ya m'banja inali itanditsekula makutu.

"Winston, tadumpha mwezi," anatero Keziya. "Uno ndi wachiwiri. Zikayamba kuoneka, mkazi wako udzamuuza chiyani?"



"Nelia asadziwe," anatero mwamuna wanga.

"Amama ako akudziwa kale. Ndawauza. Tiye kuchipinda, tithane nazo lero," anatero Keziya.

"Sindikufunanso. Ndisiye."

Mkazi aliyense akudziwa tanthauzo la kudumpha mwezi. Namwino amadziwa koposa. Ndinaika mbale ija pansi pa windo bwinobwino, ngati dzira. Ndinayenda. Sindikudziwa kuti ndinadutsa kuti. Ndinazindikira ndili kubwalo la ndege, nsapato zili matope okhaokha.

Lolemba m'mawa ndinagogoda kwa a Matroni. Anandifunsa kuti ndikufuna kuti. Ndinati kulikonse kumene basi imafika.

4

Winston sindinamufunse. Ndinafuna ndimve kwa akuluakulu kaye.

Apongozi anga, NyaLongwe, anali atabwera kuchokera ku Chintheche. Anafikira kwa mchimwene wawo ku Salisbury Lines, osati kwathu. Zimenezo zokha zinandiuza zambiri. Ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinagwada, tinapatsana moni. Anandithokoza mwa kwawo, anati yewo chomene pobwera kudzawaona.

Sindinazungulire. Ndinati ndamva zimene zikuchitika pakati pa Winston ndi Keziya, ndipo ndamva kuti iwo akudziwa.

Manja awo anaima m'lichero. Anandifunsa kuti wandiuza ndani. Ndinati makutu anga.

Anapuma mozama. Anati popeza ndamva, ndimve bwino. Zimene Keziya amachita ndi Winston, banja lonse linagwirizana. Zinayamba ine ndisanabwere. Keziya wamusunga mwana wawo zaka zonsezi, popanda munthu wakunja kudziwa. Anati akanandiuza poyamba, sindikanalola ukwati.

"Nanga ine munanditengera chiyani, amama?"

"Tinaona kuti ndiwe namwino, mkamwana. Tinati tsiku likadzafika, udzamvetsa."

Ndinawafunsa ngati kwawoko namwino ndi munthu wopanda mtima. Anati nditsitse mawu, makoma a m'tauni ndi opyapyala. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo. Ikatuluka, ntchito ya Winston yatha, ndipo alongo ake sadzakwatiwa.

Ndinadzuka osatsanzika. Kunyumba ndinatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati. Sanali ndi fumbi lambiri. Winston anandiona ndikupinda zovala, koma maso ake anali kwina. Anandifunsa monong'ona ngati ndinamvapo wailesi ikutchula dzina lake.

Ndinati mwina ndi chikumbumtima chake chikumuitana.

5

Kukalasi ndinapitabe. Ndinalibe kwina kokhala.

Tsiku limenelo Sisitala Marjorie anaika kabotolo kakang'ono patebulo. Anati ameneyu ndi Modeketi, jakisoni wa pamwezi. Mankhwala ake ndi a mafuta. Umabaya m'thako, mkati kwambiri, ndipo amasungunuka pang'onopang'ono mpaka mwezi kutha. Ndi wothandiza kwa anthu amene amamva mawu kapena kuona ngati akusakidwa. Koma anati ali ndi mano.

Kenako anatsekula chitseko n'kulowetsa bambo wina wachikulire, telala wa kumsika, amene anavomera kuti timuone. Anawapatsa mpando. Bambowo anathokoza, anakhala, n'kudzukanso. Anakhalanso. Anadzukanso.

Sisitala anati tisawayang'ane kumaso. Tiyang'ane pansi.

Phazi ili pansi, linalo m'mwamba. Kenako kusintha.



Sisitala anawafunsa kuti akumva bwanji. Anati ngati m'mafupa mwalowa nyerere. Anati makina osokera sangathenso kukhalapo, miyendo imafuna msewu. Anati matenda aja anali owawa, koma izi nthawi zina zimaposa.

"Awa si matenda awo," anatero Sisitala. "Awa ndi ife. Tawapatsa mankhwala ochuluka, ndipo palibe amene anabwerera kudzawafunsa. Mlingo umene unalembedwa munthu atadwala kwambiri si wa moyo wake wonse. Umaunikidwa. Umatsitsidwa. Pali timapiritsi tothandiza miyendo. Mukapanda kutero, munthu amathawa jakisoni. Miyendo imapuma, iye amasangalala, kenako mawu aja amabwerera."

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ndiye wodwala wanu akadumpha mwezi, musamukalipire. Mufunseni za miyendo."

Ackim anaseka. Anati mawu amenewo akawanena kunyumba, mkazi wake amuthira madzi otentha. Kalasi yonse inaseka.

Ine sindinaseke. Ndinaona depoti. Ndinaona tchalitchi, mkwati wofulumira. Chitseko cha bafa chotseka. Kugona chafufumimba. Wailesi yovala chitenje. Tiye kuchipinda, tithane nazo lero.

Ine wobaya anthu tsiku ndi tsiku.

Mpando unagwa kumbuyo kwanga. Sisitala anandiitana dzina. Ndinali kale pakhomo.

6

Ku ofesi kwa Winston anati watuluka m'mawa osanena kumene akupita. Kunyumba kunalibe. Ndinaganiza za depoti.

Ndinamumva ndisanamuone.

Achinyamata a lero sangamvetse. Masiku amenewo munthu sunkalankhula zilizonse pagulu. Pageti pa msika ndi pa depoti pankaima anyamata a malaya ofiira, oona makadi a Chipani. Wopanda khadi sankakwera basi. Wolankhula mokhota ankakwera galimoto ina, ndipo abale ake sankafunsa kumene yapita.

Winston anaima pa benchi ya pa shedi paja. Khadi lake lili m'mwamba. Ankauza anthu kuti khadilo lili ndi makutu, limamva zimene munthu akulota. Anafunsa kuti ndani anatiphunzitsa kuwomba m'manja tisanamve nkhani. Kenako analiponya m'matope.

Anthu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Amayi ogulitsa nthochi anayang'ana kumbali. Anyamata atatu a malaya ofiira anali akubwera, osathamanga. Wamkulu wawo anamugwira lamba n'kumutsitsa pa benchi.

Ndinalowa pakati. Ndinati ndi mwamuna wanga, akudwala, ndikupita naye kuchipatala. Mnyamatayo anati odwala amagona pa bedi, salalikira. Anati ameneyu ndi woukira, akafotokoza bwino kutsogoloko. Ndinati ali ndi vuto la maganizo. Anati aliyense ali ndi maganizo, mayi, ndipo a bambowa tawamva.

Ndinayang'ana anthu aja. Munali oyandikana nafe nyumba. Munali mesenjala wa ku ofesi kwa Winston. Ndinakumbukira apongozi anga ndi lichero lawo. Ndinakumbukiranso Sisitala Marjorie ndi liwu lake loletsedwa.

Liwu lomwelo ndi lokhalo limene likanamasula lamba uja.

"Ndi wamisala," ndinatero mokweza, kuti depoti yonse imve. "Anagonapo ku Zomba. Amabayidwa jakisoni mwezi ndi mwezi, ndipo wadumpha. Onani yunifomu yangayi. Mukamutenga, mukamusunga nokha akayamba kuluma."

Za ku Zomba ndinangoganizira, ndipo Winston sanalumepo munthu chibadwire. Koma dzanja lija linamasuka. Wina m'gulumo anaseka, ena n'kutsatira. Kuseka kumeneko kunali kowawa, koma kunatipulumutsa. Mnyamata uja anapukuta dzanja pa buluku. Anati nditole khadilo, ndilitsuke, ndipo wamisala wangayo ndizimumangirira pakhomo.

Ndinatola khadi. Winston ankandiyang'ana ngati ndamubaya mpeni.

Ndinamugwira mkono monga kale.

"Tiyeni tiyende, bambo," ndinatero.

Tinayenda. Kudutsa kumsika, anthu akutiloza. Mpaka kuchipatala, khomo la kutsogolo.

7

Ku Zomba sanapite. Sisitala Marjorie ndi dokotala anamugoneka m'kachipinda ka pambali. Ine anandiletsa kukhudza mankhwala ake. Anati pamenepa ndine mkazi wake, unamwino ndiusiye pakhomo. Nditamuuza Sisitala liwu limene ndinanena pa depoti, anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati m'kalasi mwake lidakali loletsedwa.

Keziya anabwera madzulo ake, maso ali ofiira. Anafotokoza zonse. Winston anadwala ali ku sekondale, ndipo ku Zomba anagonakodi. Atatuluka ku Zomba, banja linaopa kuti akamaima pamzere wa kuchipatala, tauni yonse idziwa. Keziya ndiye ankamutengera mankhwala n'kumubayira kunyumba kwake. Mlingo womwewo wa tsiku lotuluka, chaka ndi chaka. Miyendo ija ankaiona. Ankayesa ndi matenda otsalira. Palibe anamuphunzitsapo zina.

Ndinamuuza zimene ndinamva pawindo, ndi zimene ndinaganiza. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anagwira mimba yake yopanda kanthu, n'kuseka mpaka misozi. Anati mkazi mnzanga, mwamuna wakoyo ndamuona thako lokha, ndipo silinandikope. Ndinaseka naye. Ulendo uno osati mano okha.

Apongozi anga sanaseke. Anabwerera ku Chintheche osandilankhula. Anati ndinavula banja lawo pa depoti. Ku ofesi Winston anamuchotsa pa kauntala n'kumuika kuchipinda cha mafayilo. Ana a ku Mchengautuwa ankaguba kumbuyo kwake akamadutsa. Zimene amama ankaopa, zina zinachitikadi.

Mawu aja atatha m'mutu mwake, ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anali atakhala pabedi, mlingo utatsitsidwa, miyendo ili phee.

"Unati umandikonda chifukwa sindikhala pansi," anatero. "Ndikanakuuza bwanji kuti woyendayo sindinali ine?"

Anati ulendo uliwonse wa ku Katoto unali ululu. Chimene ankalakalaka chinali kukhala nane pakhonde, basi. Nchifukwa chake anathawa jakisoni. Ankafuna ndimuone mmene alili, kenako anaona kuti mmene alilimo sindikumufuna.

Sabata yomweyo a Matroni anandiitana. Anati malo apezeka ku Mangochi, ndikonzeke. Masutikesi anali opakira kale. Mapazi anayabwa, sindinama. Mwamuna amene ndinakwatiwa naye kunalibe. Amene analipo sindinkamudziwa.

Ndinawauza a Matroni kuti maphunziro sindinamalize.

Inu owerenga, makamaka anzanga a yunifomu, nkhani yanga si ya nsanje. Banja lija linabisa matenda chifukwa cha chikondi, ndipo chikondicho chinamuyendetsa mwana wawo pa nyerere zaka zonse zija. Keziya sanaphonye kubaya, koma kubaya kokha si kusamala. Munthu amene mukumupatsa mankhwala, mufunseni mmene akumvera m'thupi. Mufunseninso mwezi wamawa. Ndipo inu amene muli ndi wodwala pakhomo, chitseko chimene mukutseka kuti anthu asaone, chimatsekeranso kunja amene akanathandiza. Liwu lija ndinalinena kamodzi. Sindinalinenenso, ndipo amene ndikuwaphunzitsa lero ndimawaletsa.

Ku Mzuzu ndidakali konkuno. Masutikesi anachita nkhungu pamwamba pa kabati. Madzulo timakhala pakhonde, Winston ndi ine. Iye amakhala ngati mwala. Ine ndimayesetsa, koma pakapita kanthawi bondo limayamba kugwedera lokha. Iye amaika dzanja pamenepo.

"Sisitala," amatero, "ine ndinali ndi jakisoni. Nanga inu anakubayani ndani?"